Mdzukulu Wonola Macheka

Malume anga a Rafaelo agwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa kampani ina yocheka matabwa, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Iwo sacheka ayi, ntchito yawo ndi yonola macheka. Ali ndi kashedi kawo kuseri kwa makina, komwe amakhala chowerama ndi tupa m'manja, kunola dzino limodzilimodzi. Macheka akabuntha amawamva ali patali. Amati kulira kwake kumasintha.

Kumudzi ali ndi udindo wina. Ndi mkulu wa adzukulu, amuna amene amakumba manda. Nthaka ya kwathu ili ndi miyala pansi, ndipo malume ndi amene amadziwa pomwe khasu lingalowe, komanso pomwe panagona munthu kale ngakhale mtanda wake unatha ndi chiswe. Popanda iwo, anzawo amangoima n'kumayang'anana.

Bungwe la ogwira ntchito, lomwe aliyense amangoti yuniyoni, litafika pakampanipo, malume anakana kulowa. "Ine ndizikangana ndi bwana chifukwa chiyani?" ankatero. Amene anawagonjetsa ndi a Agnesi, mayi wosanja matabwa, amene anzawo anawasankha kuti aziwayankhulira. Anawafunsa kuntchito, anawafunsa kumsika, mpaka anawafunsa pakhomo la tchalitchi Misa itatha, anthu akumva. Malume analembetsa chifukwa cha manyazi basi. Khadi lake analiika m'buku la nyimbo n'kuliiwala.

Chaka chatha mu Juni, nkhungu itakuta phiri, kunamwalira a Yeremiya, nkhalamba ina imene inabwera m'mudzi mwathu kalekale kudzagwira maganyu, yopanda mbale aliyense pafupi. Linali Lachiwiri. Malume anatuma uthenga wapakamwa kudzera mwa mnzawo wina wa pakampani, n'kutenga khasu kupita kumanda. Mnzawoyo anaiwala. Kumanda nako adzukulu anakumana ndi thanthwe, anayambanso pena, ndipo maliro anaikidwa Lachitatu. Masiku awiri amenewo macheka anabuntha, makina anaima, galimoto imene inabwera kudzatenga matabwa inabwerera yopanda kanthu.

Lachinayi kapitawo wawo, a Dennis, anawapatsa kalata. Inati ntchito yatha chifukwa chojomba. Lamulo la kampani limalola munthu kupita kumaliro a mkazi wake, mwana, kholo kapena mbale wa bere limodzi, ndipo a Yeremiya sanali aliyense mwa amenewa.

Malume sanatsutse. Anafika kunyumba masana, anaika tupa pazenera, n'kupita kudimba kukathirira kabichi. Akazi awo, a Marita, atawafunsa, anangoti, "Ntchito ndi ya eni ake." Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, wodziwa ntchito imodzi yokha, akanakalembedwanso kuti?

Loweruka a Agnesi anafika pa njinga, utuchi udakali pa duku.

"Odi kuno! A Rafaelo, ndamva mwapuma pantchito osatiitana kuphwando."

"Andichotsa, mayi."

"Anakukhazikani pansi? Anakufunsani mbali yanu?"

"Ayi. Angondipatsa kalata."

"Ndiye nkhani sinathe. Munthu sachotsedwa asanamveredwe. Khadi lija lili kuti?"

A Marita anatuluka ndi buku la nyimbo, analikutumula, khadi n'kugwa.

"Taonani," anatero a Agnesi akulitola. "Khadi limapemphera Lamulungu lililonse, mwini wake kumsonkhano sanabwerepo ngakhale kamodzi."

Malume anaseka pang'ono, koyamba chilandirireni kalata ija. Kenako anati sakufuna kukangana ndi aliyense.

"Inu mukangokhala phee monga mwa masiku onse," anayankha a Agnesi. "Pakamwa ndi panga. Munandisankhira zomwezo."

Nkhani inakambidwa Lachitatu lotsatira mu ofesi ya manijala, a Macdonald, bambo wachinyamata wokulira ku Blantyre. A Agnesi ndi amene anadzatifotokozera zonse pakhonde. Akuti a Macdonald anawerenga lamulo lija modekha, n'kufunsa ngati womwalirayo anali mbale wa malume. Malume anati ayi.

"Ndiye ine ndithandize bwanji?" anafunsa a Macdonald. "Akanakhala mbale wanu, bwenzi palibe mlandu."

"Akanakhala mbale wawo, bwana, sakanagwira khasu," anatero a Agnesi. "Kuno namfedwa sakumba manda. Amakhala pansi n'kumalira, ena n'kumukumbira. Lamulo lanuli lamasula wolira, koma lamanga wokumba. Ndiye maliro aikidwa bwanji?"

A Macdonald anati kutauni kuli anthu ake a ntchito imeneyo, amangowauza.

"Kuno anthu akewo ndi awa mwawachotsawa." Atatero a Agnesi anatembenukira kwa kapitawo. "A Dennis, inu ndinu a konkuno. Manda a mayi anu anakumba ndani?"

A Dennis analoza malume. "Ndi iwowa," anayankha. "Mvula ikugwa."

Koma a Agnesi sanawabisire malume cholakwa chawo. Anavomera pamaso pa onse kuti uthenga wapakamwa wodzera mwa munthu wina si njira yotsanzikira ntchito, ndiponso kuti kampani inavutikadi. Chimene anakana n'chakuti zaka zonse zija zithere pa masiku awiri. Anafunsanso chifukwa chimene kampani yonse imadalira dzanja la munthu mmodzi. Malume akanadwala malungo, makina akanaimabe.

A Macdonald anapempha masiku awiri kuti akambirane ndi akuluakulu awo. Lachisanu yankho linabwera. Malume anabwezeredwa pantchito, koma ndi kalata ya chenjezo. Yuniyoni ndi kampani zinagwirizananso kuti mdzukulu aziloledwa kukakumba manda a m'mudzi mwake, bola atauza yekha kapitawo, ngakhale pafoni. Chomaliza chinali chakuti malume aphunzitse munthu wina kunola.

Apa m'pamene malume anayankhula zawozawo. Amuna atatu anadzipereka, iwo anawakana onse, chifukwa onsewo ndi a m'mudzi mwathu ndipo amakumba nawo limodzi. Maliro atagwa, shedi ikanatsalabe yopanda munthu. Anasankha a Sungeni, mayi wa ku Linthipe amene ankasesa utuchi. Amuna aja anadandaula kuti tupa si ntchito ya akazi. Malume anangoti, "Macheka sadziwa zimenezo."

Lero a Sungeni amanola bwino, ngakhale malume amati amafulumira kwambiri pa mano omalizira. Chichitikireni zimenezi kwathu kwagwa maliro atatu, ndipo makina sanaimepo.

Kumisonkhano ya yuniyoni malume tsopano amapita. Amakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mulu wa matabwa, ndipo sanayankhulepo. A Agnesi amawaseka kuti amabwera kudzaothera dzuwa. Khadi lija analichotsa m'buku la nyimbo. Lili m'thumba la ovololo, limodzi ndi kapepala kolembedwa nambala ya foni ya a Dennis.