Mawaya a Lole ya Kachewere

Amuna anga ndi amakanika a mawaya a galimoto. Pamene tinkakwatirana n'kuti ali kale ndi malo awo pa Lizulu, kuseri kwa ogulitsa kabichi, kakhumbi ka malata anayi ndi benchi imodzi. Magetsi panalibe. Chitsulo chowotcherera ankachitenthetsa pambaula, ndipo mbaulayo inali yanga, yomwe ndinkawotcherapo chimanga chogulitsa. Choncho ndinkakhala pomwepo tsiku lonse ndikukupizira moto, chimanga mbali iyi, chitsulo chawo mbali iyo.

Ntchito yawo ndinaidziwa ndi maso basi. Ndinkaona akusenda waya, n'kumupala ndi kampeni mpaka awale, n'kupota nsonga ziwiri pamodzi. Akatero ankatenga chitsulo pamoto, kuchipukuta pakansanza konyowa, n'kuchigunditsa pansi pa mfundoyo. Mtovu sankausungunulira pachitsulo ayi. Ankadikira kuti wayayo atenthe, azimwa yekha mtovuwo. Kenako ankakoka uku ndi uku, n'kukulunga tepi yakuda. Anzawo ambiri amangopota ndi zala n'kumata tepi, koma iwo ankati mfundo yosawotcherera imamasuka pa mabampu. Madalaivala ankawakondera zimenezo.

Mwana wathu ali ndi miyezi inayi, batire ya minibasi inawaphulikira kumaso. Tinawathira madzi ndowa ziwiri, n'kuthamangira nawo kuchipatala ku boma. Diso lamanzere linafa. Lamanja linatsala, koma ankaona ngati munthu ali m'chifunga. Zazikulu ankaziona, galimoto, munthu, batire. Waya wowonda ankamupeza ndi zala, koma mtundu wake sankauzindikira. Wofiira, wabulawuni ndi wakuda, onse kwa iwo anali akuda.

Atatuluka m'chipatala anandikhazika pansi.

"Amake mwana, zimenezi zithere m'nyumba muno. Dalaivala akangomva kuti wamawaya saona, sabweranso, ndipo auza anzake onse."

Ndinawamvetsa. Iwo kwawo ndi ku Sharpevale, kwathu kuno anabwera ngati mkamwini. Munda tikulimawu ndi wa amayi anga, malo a nyumba ndi a kwathu. Chawo chenicheni chinali bokosi lawo la zitsulo ndi mbiri yawo pamsewu. Anagula magalasi akuda, n'kumauza anthu kuti adokotala ati apewe fumbi.

Vuto linali lakuti ine sindikanatha kuwauza pamaso pa amuna anzawo kuti abambo, mwagwira waya wolakwika. Mkazi satero kwathu kuno, ndiponso chinsinsi chikanaululika tsiku lomwelo. Ndiye ndinayamba kuyankhula ndi mwana. Ndinkabweretsa chitsulo chotentha, n'kuima pambali ndikugwedeza mwana kumsana, n'kumati, "Taona iwe, abambo ako agwira wakuda. Wofiira wabisala pansi pake, waona?" Iwo osayankha, zala zawo zinkangosuntha. Madalaivala ankaseka kuti mwana ameneyu adzayamba kulumikiza mawaya asanamere mano. Ntchito zing'onozing'ono, za sitata kapena za mahutala, ankabwera nazo kunyumba, ndipo kuseri kwa nyumba wowotcherera ndinali ine, iwo akupapasa mfundo iliyonse ndi chala n'kumandiuza kuti iyi bwerezani, mtovu wangokhala pamwamba.

Tinayenda choncho miyezi isanu ndi iwiri. Mtima wanga sunkakhala pansi. Galimoto iliyonse ikamanyamuka ndinkaiperekeza ndi maso mpaka ikakhote.

Tsiku lina la msika linakumana ndi tsiku la sikelo. Mwana anali ndi katemera woti abayitse, ndipo ndinali nditalumpha kale mwezi umodzi. Ndinawapempha kuti tsiku limenelo asalandire ntchito ya mawaya ambiri, anene kuti mutu ukuwapweteka. Anavomera. Kusikelo mzere unali wautali, ndinabwerako dzuwa litapendeka. Ndinawapeza atakhala pabenchi, manja ali pakati pa mawondo.

"Kunabwera ntchito?"

"Kalole kamodzi ka kachewere. Nyali zakutsogolo."

"Zinayaka?"

Anati fyuzi inapsa kawiri, yachitatu analibe, dalaivala ankafulumira kuti akafike ku Blantyre kachewere asanafote. Dalaivalayo anawauza kuti mangani waya pafyuzipo monga amachitira anzanu, ndiye anamanga. Dalaivala analiza injini n'kunyamuka osayesanso nyali, poti kunali masana.

Amuna anga omwewo ndi amene anandiphunzitsa kuti fyuzi ikapsa kawiri ndiye kuti pali waya wamoto amene wakhudza posayenera, ndipo ukaimanga ndi waya, chopsa chimakhala galimoto. Zaka zonse ankakana kuchita zimenezo ngakhale dalaivala alalate. Koma tsiku limenelo kuti akane anayenera kufufuza waya wolakwikayo pamaso pa dalaivala, ndipo sakanamuona.

"Pamwamba pa matumba panali anthu?"

"Amayi atatu. Eni kachewere."

Mmawa mwake, tisanayatse ndi moto womwe, dalaivala uja anatsika minibasi. Anali bambo wamfupi wonenepa, jekete lake likununkha utsi. Sanapereke moni.

"Amakanika, mwandiphera galimoto ya abwana. Tengani zitsulo zanu, tiyeni."

Anafotokoza ali chiimire. Atayandikira pa Nsipe kunagwa mvula yamphamvu, anayatsa nyali, utsi n'kuyamba kutuluka pansi pa chiwongolero. Anaima msanga n'kuzula waya wa batire, ndiye moto sunakule. Koma amayi aja ataona utsi analumpha kuchokera pamwamba pa matumba, ndipo mmodzi anabinya phazi.

Ndinabereka mwana, n'kunyamula mbaula ndi kathumba ka makala. Dalaivala anandiyang'ana.

"Alamu, inu mukupita kuti? Kulibe msika wa chimanga kumeneko."

"Moto wa chitsulo ndimayatsa ndine," ndinatero.

Pa Nsipe tinaipeza lole ili m'mbali mwa msewu, matumba atafundidwa lona. Amayi awiri anakhala pamthunzi wa lole, wachitatu atatambasula mwendo, phazi litatupa, atalimanga ndi chitenje. Ndinagwada n'kuwapepesa. Iwo anangoti, "Kachewere wathu akutentha m'matumbamu, mayi. Auzeni amuna anu achite changu." Anthu a pamsika anali atayamba kale kusonkhana.

Pansi pa chiwongolero mawaya anali atasungunukirana kukhala chinthu chimodzi chakuda, kutalika kwake ngati mkono wanga. Pofunika panali podula chonsecho, kusenda kumbuyo mpaka mtundu uoneke, n'kulumikiza waya aliyense ndi mnzake wa mbali inayo. Ndinawerenga mawaya khumi ndi anayi. Amuna anga anagona chagada pansi pa mpando n'kuyamba kudula. Ine ndinayatsa mbaula, n'kudzaima pachitseko.

"Taona iwe, abambo ako agwira wachikasu. Mnzake ali uko, wachitatu kuchokera kuchitseko."

Woyamba unatheka. Wachiwiri unathekanso. Koma dalaivala sanapite kukamwa tiyi monga amachitira ena. Anaima pambali panga penipeni, mkono uli pachitseko. Pa waya wachitatu amuna anga anatenga wabulawuni n'kumupota ndi wofiira.

"Ayi iwe, taona, umenewo ndi wabulawuni. Wofiira ali pamwamba."

"Alamu," anatero dalaivala, "mwanayu wagona kalekale, mpaka dovu likutuluka. Mukuyankhula ndi ndani?"

Anthu anaseka. Dalaivala anawerama, anatola kachidutswa ka waya pansi n'kukaika pafupi ndi nkhope ya amuna anga.

"Achimwene, uyu ndi wamtundu wanji?"

Anali wobiriwira. Ndinkafuna kutsokomola, kugwetsa chitsulo, chilichonse. Amuna anga anamugwira wayayo ndi zala ziwiri nthawi yaitali.

"Wakuda," anatero.

Palibe anasekanso. Dalaivala anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Ndiye dzulo ndinapereka galimoto kwa munthu wosaona? Ndinanyamula anthu ine, achimwene! Bwenzi titapsa tonse!"

Mayi wa phazi lotupa uja anafuula ali pansi pomwepo kuti akanathyoka msana ana ake akanawalera ndani. Wina m'gulumo anati aitane wamawaya wa ku boma. Amuna anga anatuluka pansi pa mpando, anavula magalasi aja n'kuwaika m'thumba la malaya. Anthu anaona diso loyeralo. Sanadziikire kumbuyo. Anangoti, "Ndinalakwa. Wa ku boma akabwera, abwere."

Dalaivala anaimba foni kawiri. Wa ku bomayo anali kumaliro, akanabwera mawa lake. Dzuwa linali litakwera, lona likutentha. Ndinaona mayi mmodzi akupisa dzanja m'thumba la kachewere n'kugwedeza mutu.

Sindinawafunse amuna anga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino pamenepo. Ndinamasula mwana n'kumupereka kwa mayi wa phazi lotupa yemweyo, poti ndi amene anali chikhalire. Anamulandira, ngakhale anali ndi mkwiyo. Ndinamanga chitenje molimba n'kulowa pansi pa chiwongolero.

"Eee, tsopano ndi alamu?" anatero dalaivala. "Galimoto ya abwana yasanduka mphika?"

"Ikapsanso mundimange ine," ndinayankha.

Pa mfundo yoyamba mtovu unagwera pampando. Kenako ndinamva mawu a amuna anga pachitseko, otsika kwambiri.

"Chitsulo chazizira chimenecho. Bweretsani."

Anapita nacho pambaula, anakupizira okha moto, n'kudzandipatsa chotentha. Mfundo iliyonse ndikamaliza ankalowetsa dzanja, kuipapasa, kuikoka. Ziwiri anandibwezera. Waya amene analakwitsa dzulo lake ndinamupeza kuseri kwa nyali yakumanja, wamoto atawotchereredwa bwinobwino pa wakuda wopita kuchitsulo cha galimoto. Mfundoyo inali yokongola kuposa zanga zonse. Ndinaidula osanena kanthu. Dalaivala anakapempha fyuzi yeniyeni kwa mnzake wa minibasi. Atayatsa, nyali zonse zinayaka, fyuzi osapsa. Tinadikira, ndikugwira mawaya ndi dzanja kuti ndimve ngati akutentha. Anali ozizira.

Dalaivala sanathokoze. Pokwera anati, "Alamu, dzanja muli nalo. Koma nkhaniyi sindingaibise, anzanga amanyamula anthu." Sindinamutsutse, chifukwa ankanena zoona.

Mu minibasi pobwerera amuna anga anakhala kuwindo, bokosi lili pamiyendo mpaka pa Lizulu. Tinapeza nkhani itafika kale. Wogulitsa kabichi wina anandifunsa mokweza ngati tsopano amakanika ndine, abambo akhala owotcha chimanga. Kunyumba amayi anga anali atamvanso. Sananene zambiri, anangofunsa kuti nanga bambowa akasiya ntchito, khasu aliona?

Mmawa mwake ndinadzuka, ndinasesa, ndinawaikira madzi osamba. Sanasambe. Anakhala pakhonde atafunda jekete, magalasi osavala. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pakhola la nkhuku, nthawi imene timakhala titafika kale pamsewu.

"Abambo, tinyamuke?"

"Ndikatani ine kumeneko?"

Ndinabereka mwana, ndinaika mbaula m'beseni pamodzi ndi chimanga. Bokosi la zitsulo linali pakhomo pomwe analisiya. Ndinaliyang'ana, iwonso anamva kuti ndaima. Chikhalire sindinalinyamulepo popanda iwo kundituma. Ndinawerama n'kuligwira. Linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira.

Sanandiletse. Nditafika pampanda ndi pamene anayankhula, nkhope ili kumbali.

"Ikabwera lole ya mabatire awiri, musaikhudze. Simunaphunzire imeneyo. Muiuze ipite kwina."

Tsiku limenelo pakhumbi panaima galimoto imodzi yokha. Dalaivala wake anasuzumira, anandiona ndili ndekha ndi mwana, anagula chimanga chimodzi n'kupitirira.