Sikelo ya Pakhonde

Ankatsuka mbale za m'mawa pamene namwino wa kuntchito kwake anaimba foni.

"Wasikelo, wamva? Kafukufuku wathu akumutseka mwezi wamawa. Anthu sakubweranso."

Anapukuta manja, nakhala pansi. Mayeso a sekondale anali atalephera kawiri. Ntchito yokhayo imene anaipeza inali yoyeza anthu pa sikelo kuchipatala, pa kafukufuku wofuna kudziwa chifukwa chake ena amanenepa kwambiri ngakhale atachepetsa kudya. Mwa anthu mazana awiri amene analembetsa, ankabwerabe makumi asanu okha. Chiwerengero chikapanda kukwera, kafukufuku atha, ntchito yakenso itha.

Anapemphera mwachidule. Mawa lake anayamba kuyendera amene anasiya aja.

Dalaivala wina anamulandira akuseka.

"Achemwali, mipando yanu yamanja ija! Tsiku lina nditaitanidwa ndinadzuka nawo, wandikanirira kumbuyo ngati chigoba cha kamba. Anthu anaseka mpaka misozi. Inenso ndinaseka, koma zobwererako ayi."

Mayi wina wosoka zovala anayamba wamupatsa madzi akumwa, kenako anaimitsa makina.

"Mwanawe, sikelo ili pakhonde, mlembi ali m'chipinda, ndiye iwe umakuwa kulemera kwanga kuti iye amve. Mzere wonse umacheuka kudzandiona. Ndine thumba la simenti ine?"

Umu ndi mmene Wasikelo anaphunzitsidwira ntchito, ndipo anali asanaganizepo kuti mawu ake amapweteka munthu.

Atafotokoza kwa dokotala wamkulu, dokotalayo anati, "Ife tikufufuza za m'magazi, iwe ukundiuza za mipando?"

Koma m'mawa mwake Wasikelo anapeza benchi lalitali lili pakhonde. Mlonda anati adokotala analinyamula okha.

Wasikelo anasesa kachipinda kosungiramo makatoni, nalowetsamo sikelo. Nambala anayamba kulemba pakapepala, n'kupinda, n'kukapereka yekha kwa mlembi. Anabwereranso khomo ndi khomo kukanena zimene zasintha. Ena anamutsekera chitseko. Dalaivala anabwera, anakhala pabenchi, nati, "Apa ndiye pokhala munthu." Sabata yotsatira anabwera ndi mlamu wake.

Mwezi usanathe anthu anapitirira zana. Kafukufuku sanatsekedwe.

Wasikelo analembanso mayeso kachitatu, nakhoza. Namwino uja ankamusinthira maola kuti azipita kusukulu. Patapita zaka zisanu ndi zinayi, anamuika kukhala woyang'anira gulu la ofufuza. Mafunso akadalipo ambiri: chifukwa chiyani thupi limabwerera munthu ataonda, chifukwa chiyani mankhwala amathandiza uyu n'kulephera uyo. Iye amauza ophunzira ake kuti mayankho ali mwa anthu, ndipo munthu amene wachititsidwa manyazi sabweranso.

Inu amene mukuona ngati ntchito yanu ndi yapansi, osataya mtima. Mulungu amaona ngakhale wopinda kapepala.

Koma mayi wosoka uja sanabwerere. Tsiku limene Wasikelo anakwezedwa, anapita kushopu kwawo. Munali makasitomala anayi. Sanadikire kuti atuluke.

"Amayi, ndinakunyozetsani mokuwa, pagulu. Ndiye sindinong'ona. Ndinakulakwirani. Chonde, mundikhululukire."