Manyowa m'munda wa a Killian

Wilbroad Kachingwe anafika ku London mu 2001, kutsatira mkazi wake Charity, amene anapeza ntchito ya unesi ku Croydon. Kwawo ku Mchinji anali mlimi wa fodya, munthu wodziwa dothi pongolifinya m'dzanja. Kuno kunalibe womufunsa zimenezo. Kwa zaka zinayi ankasambitsa ndi kunyamula nkhalamba m'nyumba yosungira okalamba, mpaka msana unayamba kumukana. Analumbira kuti akadzatulukamo sadzabwereranso.

Anatulukamo mu 2005, atalembedwa kuti azisamala munthu mmodzi yekha, a Killian, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Banja lawo linali ndi munda wa mphesa kummwera kwa Croydon, kumene basi imatembenukira chifukwa nyumba zatha. Mwana wawo Etta ndiye ankayendetsa mundawo ndi kupanga vinyo woyera. Wilbroad, mkulu wa mpingo, vinyoyo sanamulawepo. Chomwe ankakonda n'chakuti masana ankakankha chikuku cha a Killian pakati pa mizere, mphepo ikumuwomba, nsapato zikuponda dothi.

Koma dothilo linkamupweteka mtima. Linali loyera ngati phulusa, choko chokhachokha ndi miyala yakuthwa. Mipesa yake inali yoonda, yamasamba ochepa.

"Dothi ili lili ndi njala, bwana," anatero tsiku lina.

"Lisiyeni ndi njala yakeyo," anayankha a Killian ndi pakamwa pawo popotoka. "Mpesa ukakhuta umachita ulesi."

Wilbroad anangoti ndi zolankhula za ukalamba, mwinanso kuumira. Mbewu yokana chakudya anali asanaionepo.

Kuseri kwa mpanda kunali khola la akavalo, ndipo eni ake ankasowa kotaya ndowe. Nyengo yozizira, a Killian akagona atadya nkhomaliro, Wilbroad ankatenga wilibala. Anasankha mizere isanu ndi umodzi yakumunsi, yoonda kuposa yonse, yomwe anabzala malemu mkazi wa a Killian. Ankakumba, kuthira manyowa, kukwirira, n'kubwezera miyala pamwamba. Anachita zimenezi zaka ziwiri osauza munthu. Ankafuna zipatso zidzamulankhulire.

Charity anadziwira fungo.

"Bambo a Miriam, kodi anakulembani kusamala munthu kapena kulima? Jeketi lanuli likununkha khola. M'basi anthu sakukuthawani?"

"Mlimi sangaonerere mbewu ikufa ndi njala."

"Mlimiyo munamusiya ku Mchinji. Kuno ndinu wosambitsa anthu, ngati ine."

Mu 2007 mizere ija inaphuka modabwitsa. Masamba anakula ngati a maungu, nthambi zinapiringizana mpaka chikuku sichinkadutsanso. Wilbroad ankayenda chifuwa chili patsogolo. Kenako mvula inagwa osaleka. Mphesa zobisika mumthunzi wa masambawo sizinaume, zinachita chuku n'kuwola. Zotsala zinali zamadzimadzi, zowawasa. Mizere yakumtunda, ya njala ija, inabereka timphesa tating'ono totsekemera monga mwa nthawi zonse.

Etta anaganiza kuti mizu yagwidwa matenda, ndipo poopa kuti angafalikire anaitana munthu wa thalakitala kuti Lolemba adzazule mizere yonse isanu ndi umodzi. A Killian atamva anatembenukira kukhoma, n'kuyamba kukana chakudya.

Wilbroad anadziwa kuti akangokhala chete palibe angamuganizire, ntchito ikhalapo. Anakhala chete Lachitatu ndi Lachinayi, akubweza mbale zodzaza kukhitchini. Lachisanu anatenga fosholo n'kukapeza Etta akutsuka migolo.

"Mayi, tiyeni mukaone."

Anakumba patsinde pa mpesa woyamba. Pansi pa choko choyera panatuluka dothi lakuda bii, lodzaza nyongolotsi.

"Si matenda. Ndi ine. Ndowe za akavalo, zaka ziwiri."

Etta anagwada, anatapa dothilo, analinunkhiza. Sanakalipe. Nkhope yake inali ya munthu wotopa.

"Mukudziwa kuti vinyo wathu kukoma kwake kumachokera m'choko chimenechi? Mizu imayenera kuvutika, izikafuna madzi pansi. Amayi anadikira zaka makumi awiri kuti ifike kumeneko."

"Sindinadziwe."

"Bambo sanakuuzeni?"

"Anandiuza."

"Ndiye munadziwa."

Wilbroad anayamba kukwirira dzenje lija.

Thalakitala sinabwere. Etta anafesa udzu pakati pa mizereyo kuti uyamwe chondecho, ndipo anati zidzatenga zaka zitatu kapena zinayi. A Killian anayambanso kudya tsiku lomwelo. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutsamwa, n'kupempha mwana wawo kuti asamuchotse ntchito Wilbroad. Etta anakana. Anati wochita zinthu mobisa ndi mipesa, ngakhale mtima wake ukhale wabwino, sangamusiyire mankhwala a bambo ake. Anamulembera kalata yabwino yokafunira ntchito, yosatchula akavalo.

Mwezi utatha Wilbroad anakatenga yunifolomu kunyumba ina ya okalamba, pafupi ndi njanji ya thiramu, sitima ya m'tauni. Anamupatsa kuti azisamala chipinda cham'mwamba, cha anthu khumi ndi anayi, asanu mwa iwo osatha kudzuka okha. Anagula lamba womanga msana. Ali komweko mpaka pano.