Galimoto ya a Nyundo

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense ankangoti a Nyundo, poti moyo wawo wonse anathera kuwongola magalimoto ogundidwa. Atapuma ntchito kugalaja, anakokera kunyumba chiphapha cha galimoto yamakedzana, chopanda magalasi, mipando itadyedwa ndi makoswe. Akazi awo atachiona anangofunsa ngati amenewa ndiwo malipiro a zaka makumi atatu.

Koma a Nyundo anali ndi chithunzi chimene anang'amba pa kalendala, cha galimoto ija amakwera anthu olemera zedi, yamphuno yaitali, nyali zozungulira ngati maso a kadzidzi. Anatsimikiza mtima kuti chiphapha chija chidzaoneka chomwecho. Boneti anaitalikitsa. Malata a pamwamba pa matayala anasula okha, otambalala ndi opindika bwino. Mipando anaikuta ndi chikopa chofiira. Zaka khumi ndi chimodzi zinatha akugogoda kuseri kwa nyumba, mpaka makutu anayamba kugontha, dzanja lamanja nalo n'kuyamba kunjenjemera.

Mzime wawo, mwana wamkazi, atapeza banja anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti pa tsiku la ukwati adzakwere galimoto ya bambo ake. A Nyundo anathira penti yomaliza, yoyera ngati mkaka. Kutatsala masiku atatu analiza injini, n'kulowa m'kanjira kotulukira kumsewu. Sanapite patali, kunamveka kukhulika kwa lata pakhoma.

Kanjira kaja kanali katachepa. Pa zaka zonsezo, mbali ina kunamangidwa mpanda wa njerwa, mbali inayo mayi wina wamasiye anawonjezera kachipinda pa nyumba yake. A Nyundo ankadutsapo wapansi tsiku lililonse, koma sizinawabwerere m'mutu kuti galimoto inalowa ili yowonda, ndipo anainenepetsa ndi iwo omwe. Anayeza ndi tepi katatu konse. Malo ankaperewera pang'ono, osakwana n'chikhato chomwe.

Mwini mpanda anali kutali, ndipo ochita lendi anati sangagwetse khoma la eni. A Nyundo anapita kwa mayi wamasiye uja. Mayiyo anangowatsegulira chitseko cha kachipindako. Munali bedi, ndipo pabedipo panagona mayi ake okalamba, amene anali asanapondepo pansi zaka ziwiri. A Nyundo anavula chipewa, anafunsa m'mene odwalawo adzukira, n'kutuluka osatchula chimene anadzera. Mkamwini anaitanitsa chigalimoto chonyamulira zinthu m'mwamba, koma dalaivala wake atayang'ana mawaya a magetsi olendewera pamadenga anangopukusa mutu.

Achimwene awo anawalangiza kuti adule malata a m'mbaliwo, akawotcherere akatulukira kumsewu. A Nyundo anatenga makina odulira n'kugwada pambali pa tayala. Ankadziwa kuti akadula, manja amenewo sangathenso kubwezeretsa. Anagwada choncho nthawi yaitali, makina akulira, mpaka mwana wawo uja anabwera n'kuzula pulagi.

"Ababa, basi. Ndikwera ina."

"Ndinakulonjeza, mwanawe."

"Ndikudziwa. Dzukani, mawondo angakupwetekeni."

Pa tsiku la ukwati, mkwatibwi anajambulitsa atakhala m'galimoto muja kuseri kwa nyumba. Kenako anakwinya diresi m'manja n'kuyenda wapansi mpaka kumsewu, komwe galimoto ya mnzake wa mkamwini inkadikira. A Nyundo anatsatira pambuyo atanyamula maluwa.

Papita zaka zinayi tsopano. Ofuna kugula amabwera ndithu, amaisisita, amaijambula, koma akayang'ana kanjira amati angaitenge pokhapokha itadulidwa zidutswa. A Nyundo amayankha kuti ayambe aganiza. Loweruka lililonse amaipukuta, n'kuiyendetsa kuchoka pakhoma mpaka pachingwe choyanikapo zovala, kenako chambuyo. Chaka chino maso nawo ayamba kuchita nkhungu, ndiye akazi awo amasiya zochapa, n'kuima kutsogolo kuti azikweza dzanja pakafunika kuima.