Ng'azi Yolowa M'foni Mwanga

Ndikukumbukira thadzi langa lamawangamawanga, limene amalume anandipatsa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Rivirivi. Linkaikira m'dengu lakale pansi pa nkhokwe, koma mazira ankangosowa. Ine kukhulupirira munthu kunandikanika chibadwire, ndiye ndinaloza chala Yusufu, mwana wa oyandikana nafe, poti masaya ake ankanenepa popanda chifukwa.

Azakhali, amene ankandilera, anangofunsa kuti, "Wamuona?"

"Iyayi, koma mapazi ake ali mbwee pabwalopa."

"Nanga ako palibe? A mbuzi palibe? Tenga tsache."

Ndinasesa m'mawa umenewo mpaka msana kuwawa, fumbi lili koboo. Bwalo litasalala ngati chikhatho, azakhali anawaza phulusa kuzungulira nkhokwe, n'kunditenga kudimba. Pobwera dzuwa lili paliwombo, tinapeza zikhadabo uku ndi uku, pakati mzere wa mchira wolunjika kumtsinje. Ng'azi! Tinaseka mpaka kukhala pansi. Dengu tinalipachika m'mwamba, thadzi linaswa, ndipo azakhali anandilamula kuti mwanapiye mmodzi ndikapatse Yusufu. Ndinasankha wowondetsetsa.

Mwezi wathawu, ndili kuno ku Ntaja ndi imvi zanga, ng'azi inandilowera m'foni. Ndikatsegula bulawuza, kaja kolowera pa intaneti, kuti ndione zanyengo ndisanadzale, masamba a zobetcha ankangotumphuka okha, lina pamwamba pa linzake, bandulo n'kumatha ngati madzi m'lichero. Wolakwa ndinamudziwiratu: mnyamata wotchaja mafoni kumsika. Ndinamanga mpango kuti ndikamuyalutse pagulu, bizinesi yake ithere pomwepo.

Hawa, mdzukulu wanga, ananditsekereza pakhomo. "Anganga, mwamuona?"

Ndinaima njii. Funso la azakhali lenileni!

"Bulawuzayi imasunga mapazi a konse kumene yayenda," anatero Hawa. "Anu, a obwereka, onse asakanikirana. Tifufute zonse, tiibwezere mmene inalili tsiku logula."

"Nanga zithunzi za ukwati wa amako?"

"Zimenezo zili kwina, sizikhudzidwa. Koma mapasiwedi mudzalembanso."

"Amenewo ali m'mutu muno. Ngakhale agogo ako aamuna sawadziwa."

Foni sindinampatse, ngakhale ndi magazi anga. Iye ankaloza, ine ndinkadina: mbiri ya masamba, tinthu timene masambawo amasiya mobisa, zilolezo zonse zimene wina anapereka. Pomaliza foni inandifunsa ngati ndatsimikizadi. Apo ndinaikonda, kumeneko ndiye kukayikira kwa munthu wamkulu. Nditadina, tsamba linatseguka loyera mbee, lopanda wotsatsa ndi mmodzi yemwe. Ndinathamangira kuzithunzi, n'kupeza mkwatibwi akumwetulirabe.

Tsono panatsala phulusa. M'mawa mwake foni ndinaisiya dala pawindo, n'kupita kukazonda wodwala. Pobwera, Hawa anandionetsa poonera mapazi. Zigoli za mpira. Zigoli za mpira. Zigoli za mpira. Ndipo zobetcha zija zinali zitayambiranso.

Amuna anga, Che Jafali, anali pakhonde akumata chubu cha njinga, nkhope ngati ya munthu wochokera kumzikiti.

"Che Jafali, timu yanu yawina?"

"Yawina, mayi, chigoli chachiwiricho..." Anadzigwira pakamwa.

Hawa anagwa nalo phwete. Bambowo anaulula kuti kabokosi kofunsa chilolezo kakatulukira, ankangodina povomera kuti kachoke msanga, mpira uoneke. Tinasesanso bulawuza, ulendo uno iwo ali pambali kuphunzira kukana. Kenako foni ndinaiikira loko, dengu langa lopachika m'mwamba. Akafuna zigoli amapempha, ndipo timaonera limodzi, chala chawo chili m'thumba.

Mnyamata wakumsika uja ndinamutumizira phava la nthochi. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake, amangoti agogo aja ndi okoma mtima.

Kukayikira anthu sindinasiye, ndipo pamsinkhu uno sindisiya. Koma tsopano ndikumvetsa zimene azakhali ankandiphunzitsa ndi tsache lija: pabwalo posasesa aliyense amaoneka wakuba, ndipo amene umamuloza ndi amene unkamuda kale. Sesa kaye, waza phulusa, dikira. Ng'azi ina umadya nayo mbale imodzi.

Nthochi zija ndinasankha zonenepa. Yusufu akanamva akanadabwa.