Mbaula M'thirakitala

Chigafa cha fodya pa esiteti ija ku Wimbe ndinachigwetsa ndine, osati mabuleki. Mu Juni kunkazizira koopsa m'mamawa, ndiye ine dalaivala wodziyesa injiniya ndinamanga kanyumba pampando wa thirakitala. Ndinakamanga ndi nsungwi, malata akale ndi ziguduli zokutira mabelo, kumapazi n'kuikako mbaula.

A Nabanda, mayi wina mwa matenanti, anasuzumira n'kuti, "Achimwene, mukufuna kudziwamba ngati mbewa?"

Ndinawayankha kuti nsanje ndi matenda.

Ndinatseka mipata yonse, makala akuyaka, n'kuyamba kuyendetsa thirakitala. Ziguduli zitatenthedwa zinatulutsa fungo la fodya, mutu unayamba kuzungulira. Podzidzimuka, thirakitala inali itakumbatira nsanamira, chigafa chili pansi, fodya wa a Nabanda ali mbwee m'fumbi.

Ndisanawapepese n'komwe, ndinathamangira kuphwasula kanyumba kaja, mbaula n'kuiponya m'tchire. Bwana atafika ndinati, "Mabuleki, bwana," ndipo anakalipira makaniko wosalakwa, ine ndikugwedezera mutu.

A Nabanda sanandiulule. Koma mpaka lero tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kufunsa kuti, "Mwapsa, achimwene, kapena tikutembenuzeni?"