Akazi a Telala Ayezetsa Magazi

A Telala anabadwa ndi mtima wokayikira. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana m'manja, kuyankha pambuyo. Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika kuseri kwa golosale: makina opalasa ndi phazi, simbi yamakala, zidutswa za nsalu mbwee pansi, ndi sizasi yomangirira chingwe kumwendo wa tebulo kuti wina asapite nayo. Kusoka ankasoka bwino, apo tisawanamizire. Koma kasitomala akachedwa kudzatenga suti, ankati wapita kukawanyoza kwa telala wina. Akabwera msanga, ankati pali chimene akufuna.

Akazi awo, mayi wofatsa woluka anthu tsitsi pakhonde, anapirira khalidweli kuyambira pautsikana mpaka ana kukula. Ndiye chaka china mayiwo anayamba kuzimirazimira m'mawa, atakulunga sikafu m'khosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. A Telala ankapalasa makina mutu uli kwina. Tsiku lina masana atabwerera kunyumba kudzatenga tepi yomwe anaiwala, anamva akazi awo akulankhula pa foni kuchipinda, motsitsa mawu.

"Achemwali, ndakayezetsa magazi. Akuti zina zakwera. Bambo musawauze kaye."

Kuyezetsa magazi! Mawu amenewa aliyense amadziwa kumene amaloza: kachilombo. A Telala sanafunse. Munthu wokayikira safunsa, nkhani amadula yekha, kusoka yekha, mpaka kuikira mabatani. Anaganizira wogulitsa mafuta a tsitsi, anaganizira woimbitsa kwaya, ngakhale nkhalamba ya pagolosale sanaisiye. Anayamba kugona pampando, kapu yawo n'kumaibisa pamwamba pa kabati. Mayiwo ankaona zonsezi.

Loweruka a Telala anaitanitsa alamu awo, mlongo wa mayiwo, n'kuwakhazika pabalaza.

"Alamu, mlongo wanuyu mumufunse kumene wakatola matenda. Ine sindinayendepo ayi."

"Matenda anji, alamu?"

"Ayankhe yekha. Wakayezetsa magazi mobisa."

Mayiwo anawayang'ana amuna awo. Kenako anamasula sikafu ija. Pansi pa kholingo panali chotupa, kukula kwake ngati dzira la nkhunda.

"Ndi chithokomiro, bambo," anatero. "Adokotala akuti zotupa zotere zambiri sizivuta, koma zina zimakhala khansa. Ndiye amatenga magazi n'kuyang'anamo zizindikiro zimene zimakwera khansa ikakhalapo. Zanga zakwera. Akuti magazi okha sanganene zonse. Lolemba akandibaya kasingano pakhosipa, atengeko pang'ono akaunike."

Alamu aja anagwira pakamwa. A Telala, munthu amene ankaona ulusi wosiyana mtundu ali kutsidya kwa msewu, anali asanaone khosi la mkazi wogona naye nyumba imodzi. Manyazi anawagwira, koma mantha ndi amene anaposa.

"Nanga osandiuza bwanji, mayi?"

"Ndikanati ndikupita kuchipatala, mukanati ndikufunana ndi adokotalawo."

A Telala akanaterodi. Ine ndimawamvera chisoni bambo amenewa, koma pang'ono chabe.

"Lolemba nditseka shopu, ndikuperekezani," anatero a Telala.

"Musatseke. Achemwali andiperekeza." Mayiwo anayamba kupinda sikafu pamiyendo. "Ndili ndi mantha, bambo. Tsiku limenelo ndikufuna munthu wondigwira dzanja, osati wozonda amene ndamumwetulira."

Lolemba a Telala anatsegula shopu ngati masiku onse, foni ataiika pafupi ndi makina. Mpaka dzuwa kupendeka anali asanalowetse ulusi pasingano, ndipo palibe amene anawaimbira.